Miyezi 11 ndi wailesi yakanema imene ndinagulira kuonera zisudzo

Patatha milungu iwiri chigulireni wailesi yakanema imeneyi ndinalemba maganizo anga oyambirira, ndipo ndinaiyamikira pa zinthu zitatu, zomwe ndi chithunzi chowala bwino, kusavuta koilumikiza ku intaneti, ndiponso kupepuka kwake poinyamula. Tsopano yatha miyezi 11 ili pabalaza panga, ndipo ndaona kuti n'koyenera kubwereranso ku mawu aja, chifukwa ena mwa iwo ndinawalankhula ndisanaidziwe bwino. TV yake ndi ya mainchesi 43, omwe ndi masentimita pafupifupi 109 mukayeza kuchokera pangodya yakumunsi kufika pangodya yakumwamba ya mbali inayo, ndipo ndi ya mtundu wa LCD, wokhala ndi timagetsi ta LED kuseri kwa galasi. Dzina la kampani sinditchula, popeza zimene ndifotokoze zimapezeka pa ma TV ambiri a mtundu umenewu.

Sindinaigulire mpira kapena nkhani za tsiku ndi tsiku. Kwa zaka zambiri tinali gulu la anthu asanu ndi awiri okonda zisudzo, ndipo tinkapitira limodzi ku sewero lililonse limene tamva mbiri yake, kenako n'kuima panja pa holo kumakambirana mpaka alonda atayamba kuzimitsa magetsi. Gululo linabalalika pang'onopang'ono popanda mkangano uliwonse. Awiri anasamukira kutali chifukwa cha ntchito, mmodzi anangosiya kuyankha foni ndi mauthenga, ndipo wamkulu wathu, amene anatiphunzitsa tonsefe kaonedwe ka sewero, anatisiya zaka ziwiri zapitazo atadwala nthawi yochepa. Asanu otsalafe tinapangana kuti madzulo a Lamlungu lililonse tizionera sewero limodzi lojambulidwa, apafupi kwathu kuno ndipo akutali kwawo komweko, kenako tiziimbirana foni tonse pamodzi. TV imeneyi ndinaigulira pangano limenelo, choncho ndiiweruza potengera ntchito yokhayo.

Zoonera sizisowa ngati kale. National Theatre ya ku London inayamba kuonetsa masewero ake m'nyumba za mafilimu mu 2009, ndipo mu April 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa mabwalo a zisudzo, inayamba kuika sewero limodzi pa YouTube mlungu uliwonse kwaulere, kenako mu December chaka chomwecho inatsegula njira yolipira yotchedwa National Theatre at Home. Magulu ang'onoang'ono nawonso amaika masewero awo pa intaneti, ena ojambulidwa ndi kamera imodzi yokha yoimikidwa kumbuyo kwa holo. Ife timaonera mitundu yonse iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kumene kwandionetsa mphamvu ndi zofooka za TV yanga.

Pogula ndinakopeka ndi chizindikiro cha 4K chimene chinali pakatoni. Chimatanthauza kuti chithunzi chili ndi timadontho 3840 chopingasa ndi 2160 choimirira, timene tonse pamodzi timapitirira 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi timadontho ta Full HD. Koma masewero ambiri amene tapeza amabwera mu HD kapena pansi pake, ndipo ukakhala mamita atatu kuchokera pa galasi la mainchesi 43, diso silisiyanitsa kwenikweni. Palinso nkhani ya data, chifukwa kuonera mu HD kumadya pafupifupi 3 GB pa ola pamene 4K imatha kufika 7 GB, ndipo sewero lalitali limatenga maola atatu. Pa miyezi yonseyi 4K ndaigwiritsa ntchito kawiri kokha.

Chimene chinali chofunika kufunsa pogula, koma sindinachiganizire, ndi mdima. Siteji nthawi zambiri imakhala yakuda, kuwala n'kugwera munthu mmodzi kapena awiri, ndipo mdima wowazungulirawo ndi gawo la sewero. Pa TV ya LCD timagetsi takuseri tija timakhala toyaka ngakhale chithunzi chitafunika kuda bii, motero mdima umaoneka wotuwa ngati phulusa, ndipo pa yangayi ngodya ziwiri zakumunsi zimawala pang'ono kuposa pena ponse. Masana simungazione, koma usiku, wochita sewero akaima yekha pakati pa siteji, utsi wotuwawo umamuchotsera ulemerero wina. Ma TV a OLED alibe vuto limeneli popeza kadontho kalikonse kamadziwalira kokha ndipo kamatha kuzimiratu, kungoti mtengo wake ndi wokwera. Ine ndinachepetsa vutoli potsitsa mphamvu ya timagetsi takuseri ndi kuyatsa nyale yaing'ono kumbuyo kwa TV, kuti maso asamafanizire kutuwako ndi mdima wa m'chipinda. Ndinazimitsanso chinthu chija chimene chimasalaza mayendedwe powonjezera zithunzi zopeka pakati pa zithunzi zenizeni, chifukwa chinkachititsa manja a ochita sewero kuoneka ngati akusiya mthunzi. Pa ma TV ambiri opangidwa kuyambira 2020 pali Filmmaker Mode, imene imazimitsa zoterezi nthawi imodzi, ndipo yanga ndinaisiya pamenepo mpaka lero.

Mawu ndiwo anandisautsa kwambiri, ndipo m'ndemanga yoyamba ija sindinawatchule n'komwe. TV yopyapyala ilibe malo a masipika aakulu, ndipo aang'ono amene alimowo analoza pansi. Nyimbo ndi kuwomba m'manja zimamveka mwamphamvu, koma munthu akanong'ona, kapena akalankhula atatembenukira kumbuyo kwa siteji, mawu amamira. M'zisudzo mawu onong'ona nthawi zambiri ndi amene anyamula nkhani yonse, choncho kwa miyezi itatu ndinkaonera rimoti ili m'manja, kukweza ndi kutsitsa, mpaka anzanga anayamba kudandaula kuti ndikuwasokoneza. M'mwezi wachinayi ndinagula soundbar yaing'ono, yomwe ndi sipika yaitali yoika pansi pa TV, n'kuilumikiza pa polowetsera chingwe cha mawu potchedwa HDMI ARC, kotero kuti rimoti imodzi yomweyo imalamulira zonse, ndipo nditasankha kamvekedwe kokweza mawu a anthu, vutolo linachepa kwambiri. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi amathandiza pamene katchulidwe kavuta, komabe ali ndi choipa chawo chimene ndachiona mobwerezabwereza: chiganizo chonse chimaonekera wochita sewero asanachimalize, ndipo pamene iye wakhala chete dala kuti oonera adikire, ife timakhala titawerenga kale zimene akufuna kunena. Masiku ano timawayatsa pokhapokha ngati chinenero cha seweroli n'chachilendo kwa wina wa ife.

Ndifike pa nkhani ya ntchito za pakhomo, imene ndinalakwitsa kwambiri. Ndinkaganiza kuti ubwino waukulu woonera zisudzo kunyumba udzakhala wakuti ndizisita ndi kupinda zovala sewero lili mkati, ndipo ndikapita kukatsuka mbale ndizimvera pa mahedifoni a Bluetooth. Mahedifoniwo amalumikizana ndi TV mosavuta, ngakhale kuti mawu amachedwa kachigawo kakang'ono ka sekondi, moti ukabwerera pabalaza umaona milomo ikutsogola, ndipo posinthira pake sipathetsa kuchedwako kotheratu. Koma vuto lenileni silinali la makina. Mapulogalamu ambiri a pa TV munthu amatha kuwatsatira ndi khutu lokha, popeza amakumbutsa zimene zachitika kale ndipo nyimbo imakuchenjeza pakafika pofunika. Sewero la pa siteji silichitira munthu chifundo chotero. Tsiku lina ndili kalikiliki kusita kolala ya malaya, mayi wina wa m'sewero, amene anali phee kumphepete kwa siteji, anatola kalata n'kuibisa m'thumba pamene ena awiri ankakangana, ndipo mapeto onse anadalira kachinthu kameneko. Titaimbirana foni anzanga onse ankakamba za kalatayo, ine ndisakudziwa kuti inasowa bwanji. Malemu wamkulu wathu ankakonda kutiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo madzulo amenewo ndinamvetsa kuti ankanena za zinthu ngati zimenezi. Kuchokera tsiku limenelo ndinagawa nthawi: kusita, kukolopa ndi kupinda zovala ndimachita ndikuonera mapulogalamu wamba, ndipo pa ntchito imeneyo TV iyi ndi mnzanga wabwino ndithu, koma sewero ndimalionera manja ali opanda kanthu. Tinagwirizananso kuti batani loimitsa tizilikhudza pa nthawi yopuma yokha ya sewerolo, chifukwa tinaona kuti ukaimitsa kuti ukanule zovala pachingwe, pobwera umapeza mtima wako utachoka m'nkhani.

Pali chinthu china chimene TV iliyonse singakonze, koma kukula kwa galasi kumachikhudza. M'holo munthu amasankha yekha koyang'ana, pamene m'sewero lojambulidwa kamera ndi imene imakusankhira, ndipo kawirikawiri imathamangira kwa amene akulankhula. Malemu aja ankatiphunzitsa zosiyana ndi zimenezo. Iwo ankati luso la wochita sewero limaoneka pamene akumvetsera mnzake, choncho maso awo ankakhala pa munthu amene sakulankhula, ndipo potuluka ankatiuza zimene ife tonse sitinaone. Chifukwa cha chiphunzitso chimenecho ndafika pokonda masewero ojambulidwa ndi kamera imodzi yakumbuyo, ngakhale chithunzi chake chili chosaoneka bwino, popeza siteji yonse imakhala pamaso panga ndipo ndimasankha ndekha. Apa m'pamene mainchesi 43 amachepa, chifukwa nkhope zimakhala zazing'ono kwambiri moti timakokera mipando pafupi. Wokonda masewero otere angachite bwino kutenga ya mainchesi 55 ngati chipinda chikulola.

Macheza a pafoni aja, amene ndiwo chifukwa chenicheni chimene ndinagulira TV, ayenda mosiyana ndi mmene ndinkayembekezera. Za sewero timakamba mwina mphindi 20, ndipo kenako nkhani imapatuka yokha. Wina amadandaula kuti zochapa zamuunjikira mlungu wonse, wina amafotokoza pulogalamu imene yamugwira mtima moti akugona mochedwa, wina amafunsa ngati alipo amene wamvako za mnzathu wosayankha uja. Miyezi yoyambirira ndinkayesetsa kubweza anthu ku sewero, poganiza kuti tikutaya cholinga, mpaka mmodzi mwa akutali aja anandikumbutsa mwaulemu kuti ngakhale panja pa holo paja tinkachita chimodzimodzi, ndipo kuti iye amadikira mlungu wonse kuti amve ngakhale za zochapa zathuzo. Sindinatsutse chifukwa ankanena zoona. Dzina la malemu limatuluka pafupifupi Lamlungu lililonse popanda wokonzekera kulitchula, kawirikawiri pamene wina wanena kuti iwo akanakhalapo sakanagwirizana ndi mmene sewero lathera, ndipo timatha nthawi tikutsutsana za zimene akananena.

Pa 27 March, tsiku lokumbukira zisudzo padziko lonse, limene bungwe la zisudzo la International Theatre Institute linayamba kulichita mu 1962, sitinaonere sewero la akatswiri. Mayi a kunyumba kwa malemu anatipatsa kanema wakale wojambulidwa pa foni, woonetsa amuna awo akusewera mbali ya nkhalamba m'kagulu kena ka ongodzipereka. Ndinauika pa flash n'kulowetsa pa USB, ndipo TV inautsegula popanda vuto, chimene ndi chinthu choyenera kuiyamikira chifukwa ndinali ndi nkhawa kuti ikana mtundu wa failo. Chithunzi chinali chogwedezeka, ndipo pochikulitsa kuti chidzaze galasi TV inaonetsa poyera zilema zake zonse, koma mawu awo anatuluka pa soundbar momveka bwino ngati ali m'chipindamo. Kanemayo ndi wa mphindi 14 zokha, ndipo tinauonera katatu. Madzulo amenewo foni inakhala yotsegula nthawi yaitali anthu asakulankhula.

Za kulimba kwake ndilibe zambiri zodandaula. Palibe kadontho kamene kafa pagalasi, ndipo mitundu ikuoneka monga inalili poyamba. Tsamba loyambira linayamba kuchedwa kutseguka TV itadzikonzera mapulogalamu ake m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo zotsatsa malonda zachuluka pamenepo kuposa kale, chinthu chimene sindikondwera nacho. Pulogalamu yoonera yaima katatu kapena kanayi pakati pa sewero, ndipo nthawi zonse kuzula pulagi kwa mphindi imodzi kunathetsa vutolo. Zilembo za mabatani awiri a rimoti zayamba kufufutika. Galasi limakoka fumbi, ndipo ndimalipukuta ndi kansalu kofewa kouma, osapopera mankhwala alionse.

Wokonda zisudzo amene akufuna kugula TV ndingamulangize kuti asatengeke ndi 4K, koma apemphe kuona chithunzi chamdima asanalipire, amvetsere mmene mawu otsika akumvekera, ndiponso awerengeretu soundbar pa ndalama zimene wakonza. Ndikanati ndisankhenso lero ndikanatenga yokulirapo ndiponso yosunga mdima bwino, koma iyi sindiigulitsa, popeza ntchito imene ndinaigulira ikuigwira Lamlungu lililonse. Kanema wa malemu uja tinautumizanso kwa mnzathu amene anasiya kuyankha, ndipo patapita milungu ingapo anatumiza uthenga waufupi wothokoza, woyamba m'zaka zitatu. Sanalonjeze kuti adzalowa nawo pafoni, ndipo ifenso sitinamukakamize, koma kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndimamutumizira dzina la sewero limene tionere ndi nthawi imene tiyambe.