Maphunziro a kayankhulidwe ku Area 47: ndapindula, koma mtengo ndi Chingerezi zawonjeza

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemanga iyi chifukwa ndinkafuna ndione kaye ngati zimene tinaphunzira zingagwire ntchito kunja kwa kalasi. Panopa ndaimapo kawiri pamaso pa mabwana, ndiye ndili ndi ponenera. Mwa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, ngakhale yachinayiyo ndikuipereka monyinyirika.

Ine ndimapanga chiponde ku Area 25. Ndili ndi antchito atatu, makina okazingira ndi opera, ndipo mtedza ndimagula kwa alimi a ku Nsundwe ndi ku Mitundu. Kutsatsa m'magolosale a ku Kawale kapena kwa azimayi anzanga kutchalitchi sikunandivutepo, pamenepo pakamwa panga sipaphwa. Chinandigwetsa ulesi ndi tsiku limene ndinaitanidwa ku ofesi ya sitolo ina yaikulu kuti ndikafotokoze za katundu wanga. Mwana wa mlongo wanga anandikonzera masilaidi 23 pa PowerPoint. Ndinayamba ndi chaka chimene bizinesi inalembetsedwa, kenako masomphenya, kenako cholinga, kenako chithunzi cha makina. Pofika pa silaidi yachisanu bwana mmodzi anali akudinadina foni, mnzakeyo maso ali pa wotchi. Potsanzikana anati adzandiimbira. Aliyense wochita geni mu Lilongwe muno akudziwa kuti foni imeneyo siilira.

Ndiye nditamva za maphunziro ogwiritsa ntchito nkhani poyankhula pa gulu, ndinalembetsa. Anali a masiku anayi, Loweruka lokhalokha, kuyambira hafu pasiti eyiti mpaka wani koloko, mu holo ya loji ina ku Area 47. Ndinalipira K180,000 kudzera pa foni, kuphatikizapo tiyi wa m'ma teni. Tinalipo anthu 14: wina wa kubanki, awiri a m'mabungwe, mnyamata wogulitsa masola, mayi ena oyang'anira SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) ya aphunzitsi, ndi ena otero.

Tsiku loyamba aphunzitsi anatiuza kuti titseke malaputopu, aliyense aime kutsogolo afotokoze za ntchito yake kwa mphindi ziwiri, iwo akujambula pa foni. Abale, kudzionera wekha pa vidiyo n'chilango. Sindinkadziwa kuti ndimati "ndiyeno" pa chiganizo chilichonse, kapena kuti ndikachita mantha ndimapotokola nsonga ya chitenje ngati ndikufinya madzi. Titaonera, sanandiseke. Anangofunsa kuti, "Amayi, za kampani tamva. Nanga munthu ali kuti m'zimene mwanenazi?" Ndinasowa choyankha. Anafunsanso kuti ndi tsiku liti pa ntchito yangayi limene sindidzaliiwala.

Ndinawauza za mayi ena achikulire a ku Nsundwe amene ndinawabwezera thumba la mtedza zaka zitatu zapitazo. Anali atawaza madzi pa makoko kuti asavute kusenda, monga amachitira alimi ambiri, ndipo nditapisa dzanja pakati pa thumba ndinamva chinyontho, mtedza wina utayamba kale kuchita chuku. Ndinakana kugula. Anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, thumbali ndalisenza kuchoka kutali, ndiye ndibwerere nalo?" Ndinagona osadya usiku umenewo. Koma chuku si chinthu chosewera nacho: poizoni wake sathera pa kukazinga, amawononga chiwindi, ndipo chiponde changa ambiri amachithira m'phala la ana. Chaka chotsatira mayi aja anabweranso, mtedza wa mtundu wa CG7 wouma gwa, wosankhidwa umodziumodzi, atakokanso anzawo anayi.

Nditamaliza, m'holo munali zii. Aphunzitsi anati, "Imeneyo ndiye silaidi yanu yoyamba. Zina 22 zija kasungeni." Kunena zoona, theka la ndalama zanga linabwerera pa mphindi imeneyo. Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zitatu, ndaifotokozapo kwa amuna anga ndi kwa anansi, koma sindinaganizepo kuti ndi yoyenera kulowa nayo mu ofesi. Ndinkaona ngati mu ofesi mumafunika mawu a tayi.

Njira imene amaphunzitsa ndi yosavuta kuigwira. Usankhe munthu mmodzi, osati "alimi" kapena "makasitomala". Unene chimene chinamuvuta, chimene chinasintha, uikepo nambala imodzi yokha imene ukufuna anthu apite nayo kwawo, ndipo umalize ndi pempho lomveka. Pa pempho ndi pamene ankatipanikiza kwambiri. Ukamaliza ndi "tikuyembekezera kugwira nanu ntchito limodzi", ankakubweza: "Mukufuna bwanayu achite chiyani Lolemba m'mawa akangokhala pa desiki?" Mnyamata wa masola anabwerezedwa kanayi mpaka anatuluka thukuta, koma kachisanu anapempha chinthu chogwirika, ndipo tonse tinamva kusiyana kwake.

Phunziro limene ndinalikonda koposa linali la Loweruka lachiwiri. Aphunzitsi analowa, osapereka moni, n'kungoti, "Padangokhala!" Holo yonse inayankha "Tili tonse!", ngakhale bambo a kubanki aja ndi jekete lawo. Tinaseka, koma mfundo yake inali yakuya. Agogo athu pofotokoza nthano sankayenda mtunda wautali osamva ngati ana akadali maso. Pakapita mawu ochepa, "tili tonse" amveke. Akapanda kumveka, akudziwa kuti wina wagona, ndiye aponyepo nyimbo. Sankayamba ndi mbiri ya Kalulu kapena masomphenya a Fisi. Ankangoti m'dziko munagwa njala, basi, makutu onse tcheru. Anatiuza kuti mu ofesi "tili tonse" wake ndi maso a munthu, funso lalifupi, kapena kanthu komugwiritsa m'manja. Ine ndinakumbukira agogo anga ku Dowa, mmene ankadulira nthano pakati n'kuyamba kusonkhezera moto mwadala, ife tikufa ndi chidwi. Kukhala chete kumene timakuopa pa gulu, iwo ndiye kunali chida chawo.

Chodandaulitsa n'chakuti phunziro lokomali linangotenga mphindi makumi anayi. Nthawi yambiri inathera pa mavidiyo a kunja. Tinaonera katatu konse mmene Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple pa nthawiyo, anaonetsera iPhone koyamba mu Januwale 2007, akunamizira kuti wabweretsa zipangizo zitatu pamene chinali chimodzi. Ndi luso ndithu, sindikukana. Tinaphunziranso lamulo la Guy Kawasaki, katswiri wa zamalonda wa ku America, loti masilaidi asapitirire 10, kuyankhula kusapitirire mphindi 20, ndipo zilembo zisachepere pa saizi 30, komanso kuti pa misonkhano ya TED, kumene anthu amakamba maganizo awo pa gulu, munthu amapatsidwa mphindi zosapitirira 18. Lamulo la zilembo landithandiza, chifukwa limakukakamiza kuchotsa mawu. Koma Steve Jobs anali ndi nsanja, magetsi osazima ndi anthu amene anabwera kale ndi chidwi. Ine ndimapatsidwa mphindi zisanu ndi ziwiri ndi manejala amene foni yake ikulira, wina akugogoda pakhomo kufuna siginecha.

Chinandidabwitsa n'chakuti William Kamkwamba sanali pa ndandanda wawo. Anachita kutionetsa pa foni nthawi ya tiyi ndi mtsikana wina wa m'kalasi momwemo. Mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa cha njala n'kupanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola ndi zida za njinga, anaima pa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007 ali ndi zaka 19, Chingerezi chikuchita kudukaduka, koma anthu anamumvetsera ndi mtima wonse. Mu 2009 anayankhulanso ku Oxford, n'kuulula yekha mmene mantha anamugwirira ulendo woyamba uja. Kwa ife amene timaopa kuthyola Chingerezi pamaso pa mabwana, mavidiyo awiri amenewo akanatilimbitsa mtima kuposa iPhone katatu.

Nkhani ya chiyankhulo ndiyo yandichotsetsa nyenyezi. Mapepala onse ndi a Chingerezi, ndipo masiku awiri oyamba tinkayeserera m'Chingerezi chokhachokha. Mayi a ku SACCO anafunsa bwinobwino kuti, "Aphunzitsi, mamembala anga ndimawayankhula m'Chichewa, ndiye ndiziyesereranji m'Chingerezi?" Kuyambira pamenepo analola aliyense kusankha, ndipo anthu amene ankaoneka ouma pakamwa anasanduka ena. Zimenezi zinayenera kukhala choncho kuyambira tsiku loyamba, osadikira kuti wina adandaule.

Tinakanganaponso pa za malonje. Buku lawo limati uyambe ndi nkhani nthawi yomweyo, osataya nthawi ndi moni. Mwina ku London zimatheka. Kuno kaimeni pa msonkhano wa alimi ku Mitundu, amfumu ali pampando, inu n'kuyamba nthano osawapatsa ulemu wawo, muone ngati wina akumvereni. Ngakhale mu ofesi ku City Centre, kulumpha moni kumaoneka ngati mwano. Aphunzitsi anavomera, tinagwirizana zoti moni ukhalepo koma wa mpweya umodzi, osati kutchula aliyense ndi udindo wake mpaka tiyi kuzizira. Ndinawayamikira kuti ndi munthu womva, koma bukulo likufunika kulembedwanso ndi munthu amene anakhalapo pa bwalo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinagwirizane nacho mpang'ono pomwe. Wothandizira aphunzitsi, mnyamata wachangu ndithu, ankakonda kunena kuti nkhani yabwino ndi imene yaliza anthu. Anandiuza kuti ndiwonjezere za mavuto a kwathu, kuti ndinakulira m'nyumba yofolera ndi udzu, kuti mayi a ku Nsundwe aja ndiwajambule ngati ovutikitsitsa. Ndinakana. Wogula wa sitolo safuna kundimvera chisoni, akufuna kudziwa ngati makatoni adzafike tsiku limene tapangana ndiponso ngati chiponde sichidwalitsa mwana wa kasitomala wake. Tatopa nazo zoti Mmalawi akafuna kumvedwa ayambe waonetsa chigamba. Komanso palibe amene anatchula zopempha chilolezo kwa mwini nkhani. Ine ndinapita ndekha ku Nsundwe kukawafunsa mayi aja. Anaseka nati, "Kaneneni, koma musakaiwale kunena kuti chaka chino wanga ndiye unaposa wa onse." Ndimanenadi.

Za malo sindichulutsa. Holo ndi yaukhondo, mipando yabwino, poimika galimoto alipo, koma wochokera ku Area 25 pa minibasi akonzekere kukwera kawiri kapena kumalizira pa kabaza. Loweruka lachitatu magetsi anazima, jenereta inalibe mafuta, pulojekita n'kukhala chokongoletsa. Tinataya pafupifupi ola tikudikira, mpaka aphunzitsi anati tipitirize popanda masilaidi, ndipo mwina limenelo ndi tsiku limene tinayankhula bwino kuposa onse. Satifiketi yanga inabwera dzina atalakwitsa chilembo chimodzi, anakonza patatha milungu iwiri.

Nanga zotsatira? Mwezi watha ndinapita ku sitolo ina, osati yoyamba ija. Ndinatenga masilaidi asanu ndi limodzi ndi timbale tiwiri ta mtedza, kena wosankha, kena wongotapa pamsika. Nditapereka moni ndinaika timbaleto patebulo n'kuwafunsa kuti, "Bwana, mwana wanu mungamupatse uti?" Anasiya foni, anayamba kutembenuza mtedza ndi chala. Ndinafotokoza za thumba lobwezedwa lija, ndinatchula nambala imodzi, ndipo ndinapempha kuti ayese makatoni khumi m'nthambi ziwiri kwa mwezi umodzi. Anandipatsa makatoni asanu ndi limodzi, nthambi imodzi, kulipira pakatha masiku 30. Si zonse zimene ndinapempha, komabe ulendo uno foni inalira.

Musaganize kuti nkhani inagwira ntchito yokha. Itangotha, mafunso anali a chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, tsiku lothera ntchito pa botolo, ndi mtengo. Pa mtengo tinalimbana kwa nthawi yaitali, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabotolo ndi zomata zake sizinatsikenso, ndipo palibe nthano imene ingasinthe masamu amenewo. Ulendo wachiwiri unali wokapempha ngongole ya makina atsopano. Obwereketsawo anamvetsera mwachidwi, wina mpaka anati nkhani ya mayi aja yamukumbutsa amayi ake, kenako anafunsa za chikole. Ndinabwerako chimanjamanja. Maphunzirowa sanena zimenezi mokwanira. Kutsatsa kwawo kumamveka ngati ukangodziwa kufotokoza nkhani, zitseko zonse zitseguka.

Amene ali ndi msonkhano weniweni kutsogolo, kaya ndi wogula, kaya ndi bodi, kaya ndi mamembala, apite, ndipo apite ndi nkhani ya msonkhano umenewo kuti akaiphike komweko. Wongofuna satifiketi yopachika pakhoma asunge ndalama zake. Musanalipire funsani kuti m'kalasi mukhala anthu angati, chifukwa ife 14 tinkachita kulimbirana nthawi yoima kutsogolo, ndipo ndamva kuti gulu lotsatira akufuna lifike 25. Funsaninso ngati mudzaloledwa kuyeserera m'Chichewa kuyambira tsiku loyamba.

Anatilonjeza kuti atitumizira pa WhatsApp mavidiyo awiri, ya tsiku loyamba ndi ya tsiku lomaliza, kuti tidzione mmene tasinthira. Yoyamba ija, yopotokola chitenje, inafika madzulo omwewo. Yomaliza ndakumbutsa katatu, mpaka lero akuti akuikonza.