Facebook Yolipira Kapena Sitetasi ya WhatsApp: Telala Asankhe Iti?

Telala amene watsala ndi ndalama zochepa zotsatsira malonda ali ndi njira ziwiri pafupi: kulipira Facebook kuti ionetse zovala zake kwa anthu ambiri, kapena kudalira sitetasi ya WhatsApp.

Facebook imakulolani kusankha oti aone, mwachitsanzo amayi a ku Lilongwe a zaka 25 mpaka 45. Anthu osakudziwani amakupezani. Koma pamafunika khadi la kubanki lolipirira kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse imawawa. Ambiri amangoyamikira chithunzicho n'kudutsa osagula.

Sitetasi imangodya bandulo basi. Vuto lake, amaiona okhawo amene munasungirana manambala, ndipo imachoka pakatha maola 24. Komabe ambiri mwa anthuwa anavalapo kale zosoka zanu, akudziwa dzanja lanu. Mayi amene munamusokera diresi ya pachinkhoswe akadzijambula n'kuika pa sitetasi yake, anzake a kumpingo amafunsa okha kuti, "Wakusokerani ndani?" Choncho tengani nambala ya kasitomala aliyense, lembani mtengo pachithunzi pomwepo, ndipo muziyankha msanga, chifukwa wofunsa akadikira mpaka mawa amapita kwina. Kasitomala amene wagwirizana nazo atumize kachikole pa Airtel Money kapena Mpamba nthawi yomweyo.

Ine ndingayambe ndi WhatsApp. Facebook ndingailipire nyengo ya maukwati ikayandikira, pa chovala chimodzi chimene ndaona kale kuti chikuyenda malonda.