Poto Wopepuka wa Woyenda Yekha ndi Momwe Otumiza Katundu Amamuwerengera

Ife amene timagwira ntchito m'mayiko a eni timadziwa kuti kugula chinthu pa intaneti n'kosavuta, koma kuti chinthucho chitipeze kumene tikukhala, chili chabwinobwino komanso popanda kulipira mopitirira muyeso, pamafunika nzeru zina. Pa masiku atchuthi ineyo ndimakonda kuyenda ndekha m'mapiri kwa masiku awiri kapena atatu, zonse zili m'chikwama chakumsana, ndipo woyenda motero amazindikira msanga kuti kanthu kamene kamaoneka kopepuka m'mawa kamakhala kakumuwawa m'mapewa pofika madzulo. N'chifukwa chake ndinayamba kufunafuna poto wopepuka, ndipo poto ameneyo ndi amene anandiphunzitsa kusiyana kwa makampani onyamula katundu mwachangu ndi positi ofesi wamba.

Ndiyambe ndi poto weniweniyo. Mapoto a apaulendo amapangidwa kwambiri ndi titaniyamu, aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chosachita dzimbiri n'cholimba koma cholemera, ndipo woyenda yekha angachisiye osadandaula. Mpikisano weniweni uli pakati pa ziwiri zinazo. Anthu ambiri amaganiza kuti titaniyamu ndi wopepuka kuposa aluminiyamu, pamene zoona zake n'zakuti kachidutswa ka titaniyamu ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 4.5, ndipo ka aluminiyamu kamalemera magalamu 2.7 okha. Chimene chimachititsa kuti poto wa titaniyamu apepuke ndi kulimba kwa chitsulocho, chifukwa amatha kuchisula mopyapyala kwambiri. Makampani monga Toaks, Evernew ndi Snow Peak amapanga mapoto oterewa, ndipo wolowa mamililita 750 amalemera magalamu 100 kapena kupitirirapo pang'ono. Vuto lake n'lakuti aluminiyamu amafalitsa kutentha kuwirikiza pafupifupi kakhumi kuposa titaniyamu, motero mu poto wa titaniyamu moto umaunjikana pakati pomwe lawi likugunda, ndipo chakudya cholimba chimapserera pamenepo m'mbali musanatenthe n'komwe. Ngati ntchito yanu ndi kuwiritsa madzi basi, tengani wa titaniyamu wa mamililita 750. Ngati mumafuna kuphika zenizeni, kuvundula ndi kudikira kuti zipse bwino, wa aluminiyamu wa lita imodzi adzakutumikirani bwino ngakhale kuti adzawonjezera kulemera pang'ono. Ine ndinasankha wa titaniyamu chifukwa kachitini ka gasi ka magalamu 100 kamalowa m'kati mwake pamodzi ndi kasitovu, chivundikiro n'kutsekeka.

Wogulitsa anali kudziko lina, ndipo ine pofuna kuti katundu afike tchuthi chisanayambe ndinasankha kampani yonyamula mwachangu. Katunduyo anafikadi m'masiku ochepa, ndipo ndinkaona pa foni paliponse pamene wadutsa, zimene ndikuyamikira. Koma pamene ndinalandira bokosilo ndinaseka ndekha: linali la masentimita 20 mbali zonse, lodzaza ndi timatumba ta pulasitiki ta mpweya, ndipo poto wanga, amene amakwana m'dzanja limodzi, anali atakhala pakati ngati dzira m'chisa. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mtengo wotumizira unali wokwera chonchi. Makampani akuluakulu monga DHL, FedEx ndi UPS sayang'ana sikelo yokha, amawerengeranso malo amene bokosi likutenga m'ndege. Pa katundu wopita kunja amachulukitsa m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wa bokosi m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, ndipo chimene chakula pakati pa nambala imeneyo ndi kulemera kwenikweni ndi chimene mumalipira. Bokosi langa linatuluka makilogalamu 1.6, kutanthauza kuti ndinalipirira mpweya kuposa poto. Likanakhala la masentimita 12 m'litali, 12 m'lifupi ndi 14 msinkhu, likanawerengedwa makilogalamu 0.4 okha. Lamulo limeneli limalembedwa poyera ndipo palibe amene anandibera, kungoti sindinafunse wogulitsayo kukula kwa bokosi ndisanalipire.

Patapita miyezi ingapo ndinatumiza poto wanga wakale wa aluminiyamu kwa mnzanga amene amagwira ntchito kudziko lina, ndipo ulendo uno ndinapita ku positi ofesi. Pansi pa malamulo a bungwe logwirizanitsa mapositi a mayiko la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern, pali gulu la timaphukusi tating'ono tosapitirira makilogalamu 2, ndipo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu mukaziphatikiza zisapose masentimita 90. Poto wa munthu mmodzi amalowa m'gulu limeneli mosavuta, ndipo ine anandilipiritsa potengera sikelo. Ndinadzaza kafomu ka kasitomu kotchedwa CN22, ndipo langizo langa n'lakuti mulembepo momveka kuti ndi poto wophikira, wa chitsulo chanji, watsopano kapena wogwiritsidwa kale ntchito, ndi mtengo wake weniweni, chifukwa kungolemba kuti ndi mphatso kungachititse kuti ogwira ntchito ku kasitomu atsegule phukusi n'kulichedwetsa. Amene muli m'mayiko a European Union mukumbukire kuti kuyambira pa 1 July 2021 katundu wogulidwa kunja kwa chigawocho amalipiridwa msonkho wa VAT ngakhale akhale wotchipa motani.

Positi ili ndi zofooka zake. Ndinalipira ndalama yowonjezera kuti ndipatsidwe nambala yolondolera phukusi, ija ya zilembo ziwiri, manambala 9 ndi zilembo zina ziwiri zosonyeza dziko lochokera, komabe phukusilo litangotuluka m'dziko nambalayo inakhala chete kwa milungu iwiri. Linafika ndithu, koma mlomo wa poto unali utapindika pang'ono moti chivundikiro chinkakhala chopendekeka mpaka mnzangayo anauwongola ndi pulayazi. Mlandu unali wanga, chifukwa ndinamukulunga m'pepala lokha. Poto wopyapyala amafuna kuti m'kati mwake mudzaze nsalu mothinana, chivundikiro muchimange ndi tepi, kenako alowe m'kabokosi kolimba kongomukwana.

Chinthu chimodzi musachiyese n'komwe, ndicho kuika kachitini ka gasi m'phukusi. Ine ndinali nditakaika m'kati mwa poto monga ndimachitira paulendo, ndipo mayi wa pa kauntala ku positi kuja atandifunsa zimene zili m'katimo anandiuza mwaulemu kuti ndikatulutse. Gasi wa butane ndi propane ali m'gulu la katundu woopsa amene amayaka, ndipo saloledwa m'makalata opita pandege. Gulani gasi kudera limene mukayendeko, ndipo mungoonetsetsa kuti kasitovu kanu n'ka mazinga ogwirizana ndi muyeso wa ku Ulaya wotchedwa EN 417, umene timatini tambiri ta gasi tomangira ndi mazinga timatsatira.

Kwa ife amene timakhala m'nyumba zogawana ndi anthu ena ndipo timasamuka kawirikawiri, ndi bwino kusankha kuti phukusi likasiyidwe pamalo otengera katundu kusiyana ndi pakhomo, ndipo dzina lolembedwa pa phukusi lifanane ndendende ndi la m'pasipoti, chifukwa ndi chikalata chimene adzakufunsani. Poto wina ndikadzamufuna ndidzamuitanitsa kudzera ku positi kudakali mwezi wathunthu ulendo usanafike, ndipo kampani yachangu ndidzaigwiritsa ntchito pokhapokha wogulitsa atandiuza kaye masentimita a bokosi lake.