Iliad ndi Odyssey za m'bokosi limodzi: nkhani yake ndi yolemera, koma pepala ndi lopyapyala

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5, ndipo imodzi yachotsedwayo ndi mlandu wa osindikiza. Mabukuwa, ndakatulo zazitali za Homer, mlakatuli wa ku Greece wakale, amabwera awiri m'kabokosi ka katoni, a zikuto zofewa, omasuliridwa kuchoka m'Chigiriki chakale kupita m'Chingerezi cha ndakatulo. Lililonse lili ndi magawo 24. Iliad ndiye wonenepa, mizere yake imaposa 15,000, pamene ya Odyssey imangopitirira pang'ono 12,000. Muli mawu oyamba aatali, mapu a Greece ndi gombe la Troy, ndiponso mndandanda wa mayina kumapeto.

Zodandaula ndiyambe nazo kuti zichoke. Pepala ndi lopyapyala moti zilembo za kuseri zimaonekera, ndipo bolopeni imalowerera mpaka tsamba linalo, choncho gwiritsani ntchito pensulo. Zilembo ndi zing'onozing'ono. Guluu wa kumsana kwa Iliad anasweka ndisanafike pakati, masamba ena n'kuyamba kugwedera. Mawu ofotokozera anawaika kumbuyo kwenikweni m'malo mwa m'munsi mwa tsamba, ndiye chala chimodzi chimangokhala kumapeto kwa buku nthawi yonse imene ukuwerenga.

Amene mukugula Iliad poyembekezera hatchi yamatabwa ija imene Agiriki analowera mumzinda wa Troy, kapena muvi wolasa Achilles, ngwazi ya Agiriki, pachidendene, dziwani kuti zimenezo mulibe. Nkhondo ya ku Troy inatenga zaka 10, koma Homer akungofotokoza masabata ochepa a chaka chomaliza, ndipo ndakatulo ikutha mzinda usanagwe. Chimene chilimo ndi mkwiyo wa munthu mmodzi. Agamemnon, mtsogoleri wa Agiriki, akukakamizika kubweza Chryseis, mwana wamkazi wa wansembe wa mulungu Apollo, mliri utasakaza msasa masiku 9. Poopa kuoneka wochepa, akulanda Briseis, mkazi amene Achilles anapatsidwa monga gawo lake la zofunkha. Achilles akunyanyala nkhondo, n'kutuma mayi ake Thetis kwa Zeus, mfumu ya milungu, kukapempha kuti Agiriki anzake agonje mpaka adzamukumbuke. Ngwazi yaikulu ya m'bukumo ikupempherera imfa ya anzake, ndipo mlakatuli sakubisa zimenezi ngakhale pang'ono.

Apa mawu oyamba aja anandithandiza kwambiri. Kwa anthu amenewa ulemu unali chinthu chooneka ndi maso: gawo la zofunkha, mpando wa patsogolo, nyama yabwino ndi chikho chodzaza paphwando, munda wa m'mbali mwa mtsinje. Sarpedon, mtsogoleri wa mbali ya Troy, akuzitchula yekha zimenezi m'gawo 12, n'kunena kuti popeza amadya zoterezi ayenera kuima kutsogolo pankhondo. Kumulanda munthu gawo lake pamaso pa gulu kunali kulengeza kuti magazi amene wakhetsa alibe mtengo. N'chifukwa chake gawo 9 linandigwira mtima. Odysseus, Ajax ndi Phoenix akutumidwa kwa Achilles ndi lonjezo la mphatso za Agamemnon: golide, akavalo 12, akazi 7 a ku Lesbos, mizinda 7, mwana wamkazi wa mfumu kuti amukwatire, ndi Briseis yemwe. Achilles akukana zonse. Akuti ng'ombe ndi nkhosa munthu angathe kufunkha, akavalo angathe kupeza, koma moyo ukangotuluka subwereranso. Mayi ake anamuuza kuti njira zake ndi ziwiri: kukhala ku Troy, kufa ali mnyamata koma dzina lake osaiwalika, kapena kubwerera kwawo, kukalamba popanda mbiri. Munthu amene aliyense amamuona ngati chitsanzo cha ungwazi ndi yemweyo amene akufunsa ngati ungwaziwo uli woyenera mtengo wake. Ndi funso limeneli limene likuyendetsa buku lonse, ndipo Homer sakuliyankha mophweka.

Koma mtima wanga uli kwa Hector, mwana wa mfumu ya Troy ndi ngwazi yaikulu ya mzindawo. M'gawo 6 akukumana ndi mkazi wake Andromache pachipata cha mzinda. Achilles anapha kale bambo a mayiyu ndi alongo ake 7, ndiye akumuchonderera mwamuna wake kuti asamusiye wamasiye. Hector akudziwa kuti Troy adzagwa, akunena yekha, komabe akuti angachite manyazi pamaso pa amuna ndi akazi a mumzindawo atathawa nkhondo. Kenako akutambasula manja kuti anyamule mwana wake Astyanax, koma khandalo likulira, kuopa chisoti chamkuwa ndi chingwenembe cha ubweya wa hatchi chimene chikugwedezeka pamwamba pake. Bambo ndi mayi akuseka. Hector akuvula chisoticho, kuchiika pansi, n'kumupsompsona mwanayo. Ndakatulo ya zaka zoposa 2,500 ikukuonetsa bambo akuvula za nkhondo kuti mwana amuzindikire.

Milungu ndiye idzakudabwitsani, makamaka ife amene tinakulira m'tchalitchi kapena mumzikiti. Imanama, imachita nsanje, imakondera. Hera akunyengerera mwamuna wake Zeus mpaka kumugonetsa tulo kuti Agiriki apeze mpata. Aphrodite akulasidwa padzanja ndi Diomedes, munthu chabe osati mulungu, n'kuthamangira kwa mayi ake akulira. Athena akudzisandutsa Deiphobus, mbale wa Hector, kuti Hector aime n'kumenyana ndi Achilles, ndipo pamene akutembenuka kuti apemphe mkondo wina akupeza ali yekha. Agiriki enieniwo zinkawavuta zimenezi: Xenophanes anadzudzula Homer chifukwa chopaka milungu kuba, chigololo ndi chinyengo, ndipo Plato sanafune kuti ana aziphunzitsidwa nkhani zotere. Ine maganizo anga ndi akuti milunguyi iliko kuti tione kulemera kwa moyo wa munthu. Iyo siifa, ndiye mkangano wawo umathera paphwando ndi kuseka, monga zikuchitikira kumapeto kwa gawo 1. Mkangano wa anthu umathera kumanda. Ngakhale Zeus, atafuna kupulumutsa mwana wake Sarpedon, Hera akumukumbutsa kuti milungu ina nayo idzafuna kupulumutsa ana awo, ndipo akumusiya kuti afe ndi mkondo wa Patroclus, mnzake wapamtima wa Achilles.

Magawo atatu omaliza ndi amene amabweza ndalama zanu zonse. Hector wapha Patroclus, ndipo Achilles wabwerera kunkhondo ali ngati chilombo. Hector akupempha chinthu chimodzi chokha, kuti wopambana abweze mtembo wa mnzake kwa abale. Achilles akukana, akumupha, akumuboola mapazi, akumumangirira kugaleta n'kumukhwekhwereza m'fumbi makolo ake akuona ali palinga. Ife amene timasiya ntchito, kubwereka ndalama, n'kuyenda usiku wonse kuti m'bale akagone kumudzi kwawo, sitifuna mawu ofotokozera kuti timve kuipa kwa zimenezi. Ndiye Priam, bambo ake a Hector, nkhalamba imene inali ndi ana aamuna 50, akunyamuka usiku ndi ngolo yodzaza dipo, mulungu Hermes akumuperekeza. Akulowa m'msasa wa mdani, akugwada, akupsompsona manja amene anapha ana ake, n'kumuuza Achilles kuti akumbukire bambo ake omubala, Peleus. Onse awiri akulira, wina kulira Hector, wina kulira bambo ake ndi Patroclus. Achilles akulamula kuti mtembo usambitsidwe ndi kudzozedwa, akuunyamula ndi manja ake, akupha nkhosa, n'kudya pamodzi ndi nkhalambayo. Akulonjeza kuimitsa nkhondo masiku 11 kuti maliro ayende bwino. Palibe amene wakhululukira mnzake, nkhondo iyambiranso, koma buku la Agiriki likuthera pamaliro a mdani wawo. Womasulira wa mabukuwa anachita bwino pamenepa, mawu ake ndi osavuta, sanawonjezere zokometsera.

Odyssey ndi wosavuta kuwerenga, ndipo ndingalangize oyamba kumene kuti ayambire pamenepo. Ngwazi yake ndi ya mtundu wina, yochenjera, yopirira, yabodza pamene bodza lingaipulumutse. Odysseus, pobwerera kwawo kuchokera ku Troy, akukana moyo wosafa umene mulungu wamkazi Calypso akumupatsa atamusunga zaka 7, chifukwa akufuna mkazi wake Penelope ndi kachilumba kake ka miyala ka Ithaca. Muyeso wa munthu m'bukuli ndi mmene amalandirira mlendo. Chimphona Polyphemus chikudya alendo ake. Amuna 108 ofunsira Penelope akumaliza ziweto za mwini nyumba. Eumaeus, kapolo woweta nkhumba, akulandira wopemphapempha wovala nsanza osadziwa kuti ndi mbuye wake amene anachoka zaka 20 zapitazo. Musadumphe gawo 11, pamene mzimu wa Achilles ukuuza Odysseus kuti kukanakhala bwino kukhala waganyu wa munthu wosauka padziko kusiyana ndi kulamulira akufa onse. Amene wawerenga Iliad kale, mawu amenewa amamulasa.

Pali zinthu zimene sindingazivomereze m'makhalidwe a anthuwa, ndipo ndinakhumudwa kuti mawu ofotokozera akungozidutsa mwachangu. Akazi akupatsanidwa ngati katundu. Thersites, msilikali wamba amene akunena poyera kuti Agamemnon ndi wadyera, akumenyedwa ndi ndodo yachifumu gulu likuseka. Achilles akupha anyamata 12 a ku Troy pamoto wotenthera mtembo wa Patroclus. Kumapeto kwa Odyssey adzakazi 12 akupachikidwa pachingwe chimodzi. Makolo amene mukugulira ana a sekondale, werengani nawo kuti mukambirane zimenezi.

Chenjezo lina ndi la kubwerezabwereza. Achilles nthawi zonse ndi wa mapazi aliwiro, m'bandakucha nthawi zonse uli ndi zala zofiira, ndipo uthenga umanenedwa kawiri mawu ake omwewo. Ndakatulozi zinachokera kwa oimba a pakamwa, ndipo Milman Parry, amene anakafufuza oimba otere ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1930, anasonyeza kuti mawu obwerezawa ndi amene ankathandiza woimba kupeka ali pamaso pa anthu. Mukawerenga mokweza, zimamveka bwino. Mndandanda wa zombo zoposa 1,000 m'gawo 2 la Iliad wokha ndi umene mungaudumphe ulendo woyamba popanda kutaya kanthu.

Kwa wophunzira za Agiriki ndi Aroma, kaya ku Kamuzu Academy kapena ku yunivesite ku Zomba, mabukuwa ndi okwanira, makamaka chifukwa mizere ili ndi manambala m'mbali. Amene maso amavuta afunefune a zilembo zazikulu. Enanu gulani, koma mukutire zikuto ndi pulasitiki ndi kumata selotepi kumsana kwa Iliad musanayambe kuwerenga.