Kompyuta yokonzedwa registry: imakhala bwanji pakapita miyezi?

Kompyuta imene yakana kulowa mu Windows chifukwa registry yawonongeka imatha kudzuka tsiku lomwelo, mwini wake n'kunyamula akumwetulira. Koma ubwino wa ntchitoyo umadziwika pakapita miyezi, Windows Update itadutsapo kangapo, magetsi atazimazimanso monga mwa masiku onse. Pamenepo m'pamene njira zokonzera zimasiyana kwambiri.

Vuto lake ndi ili. Registry, yomwe ndi nkhokwe imene Windows imasungamo masetingi ake onse, imakhala m'mafayilo asanu akuluakulu mu foda ya C:\Windows\System32\config, omwe ndi SYSTEM, SOFTWARE, SAM, SECURITY ndi DEFAULT. Imodzi ikawonongeka, makamaka SYSTEM, sikirini imaonetsa 0xc000014c, c0000218 kapena BAD_SYSTEM_CONFIG_INFO, ndipo kompyuta imangozungulira pa Automatic Repair. Anthu ambiri amathamangira bootrec /rebuildbcd ndi sfc /scannow. Malamulo awiriwa ali ndi ntchito yawo, koma sakhudza mafayilo a registry, choncho pa vutoli mungotaya nthawi.

Njira imene yaonetsa kupirira kuposa zonse ndi System Restore. Mumayatsira kompyuta pa flashi ya 8 GB yokhala ndi Windows, n'kusankha Repair your computer, kenako Troubleshoot, kenako System Restore. Ikakana kutseguka pamenepo, lembani rstrui.exe /offline:D:\Windows mu Command Prompt. Samalani chilembo cha diski, chifukwa m'malo okonzerawa Windows nthawi zambiri sikhala pa C. Yambani ndi diskpart, mulembe list volume, muone pamene ili. Ngati diski ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera diski, pafunika kiyi yake ya manambala 48 musanachite chilichonse. Njirayi imapirira chifukwa imabweza registry pamodzi ndi madilaiva ndi mafayilo a Windows a tsiku limodzi, ndiye zonse zimagwirizana. Pakapita miyezi simupeza chodandaula, kupatula mapulogalamu amene anaikidwa pambuyo pa tsikulo, omwe muyenera kuikanso. Chokhumudwitsa n'chakuti pa makompyuta ambiri a Windows 10 System Restore imakhala yozimitsa kuyambira pachiyambi, mwini wake osadziwa.

Kukopa mafayilo a mu RegBack, foda ya mkati mwa config yosungiramo makope a registry, ndiko kumafuna kukambidwa mofatsa, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amangoti koperani zonse basi. Kuyambira pa Windows 10 mtundu wa 1803, wa mu 2018, Microsoft inasiya kusunga registry mu foda imeneyi. Mukalemba dir mu RegBack mupeza ilibe kanthu kapena mafayilo ake ali 0 KB. Mukakopera fayilo ya 0 KB pamwamba pa SYSTEM yanu, mwafafaniza ndi zochepa zomwe zikanapulumuka. Pa Windows 7 ndi 8.1 mafayilowo amakhalamo, koma yang'anani kukula kwake ndi deti lake musanagwire.

Akakhala abwino, chitani motere. Lowani mu D:\Windows\System32\config, pangani foda ndi md zakale, mukoperemo mafayilo asanu aja mmene alili. Kenako fufuzani yowonongekayo polemba reg load HKLM\Yesero SYSTEM. Ikatseguka bwino, itsekeni ndi reg unload HKLM\Yesero, muyese SOFTWARE chimodzimodzi. Imene yawonongeka imakana, n'kunena kuti registry database is corrupt. Sinthani yokhayo: ngati ndi SYSTEM, lembani copy /y RegBack\SYSTEM . (osaiwala kadontho ka kumapetoko), ndipo zinazo muzisiye.

Chifukwa chosiyira zinazo chimaoneka pambuyo pake. Mukabweza SAM yakale, pasiwedi imabwerera pa yakale, ndipo akaunti imene inatsegulidwa posachedwa imasowa. Mukabweza SECURITY pa kompyuta ya mu ofesi yolumikizidwa ku domain (netiweki ya ofesi yoyendetsedwa ndi seva), imatha kukanidwa kulowa, popeza pasiwedi yachinsinsi ya makinawo imasintha masiku 30 aliwonse. Koma yovuta zedi ndi SOFTWARE. Kompyuta imayaka bwinobwino, mwini wake n'kumagwira ntchito milungu ingapo, kenako Windows Update imayamba kufika pakati n'kubwerera, ikuonetsa 0x80073712 kapena 0x800f081f. Chachitika n'chakuti registry ikukumbukira Windows ya mwezi wina pomwe mafayilo a pa diski ndi a mwezi wina. Pulogalamu ina imaoneka mu Program Files koma pa mndandanda wochotsera mulibe. Office imatha kupemphanso layisensi. Antivayirasi imakana kuchoka, imakananso kulowa. Choncho kompyuta yodzutsidwa ndi RegBack isatuluke pa tebulo isanamalizidwe. Yendetsani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, kenako sfc /scannow. Zikapitirira kuvuta, tsegulani setup.exe ya pa flashi muli mkati mwa Windows, musankhe kusunga mafayilo ndi mapulogalamu. Zimadya ola limodzi kapena awiri, koma makina ochitidwa chonchi ndi amene amakhala miyezi osabwerera.

Kufomata n'kuikamo Windows yatsopano kumagwira ntchito, palibe wotsutsa, bola mwayamba mwatulutsa mafayilo a mwini wake.

Komabe njira zonsezi zimagwa chimodzimodzi ngati chimene chinawononga registry chikadalipo, ndipo apa m'pamene okonza ambiri amachitira ulesi. Fayilo siwonongeka yokha. Nthawi zambiri magetsi anazima Windows ikulemba, kapena diski yayamba kufa, kapena RAM ikulakwitsa. Kompyuta ikangodzuka, tsegulani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza umoyo wa diski, muone mizere itatu yowerenga malo owonongeka: 05, C5 ndi C6. Ngati C5 kapena C6 sili pa ziro, kapena 05 ikukwera sabata ndi sabata, diskiyo yatha. Kuyendetsa chkdsk /r kumangobisa malo owonongekawo, ndipo vuto lidzabwera ndithu, mwina nthawi imeneyo litatenga ndi zithunzi za banja. Chotsani diskiyo muikemo SSD, ngakhale ya 256 GB. RAM iyeseni ndi MemTest86 usiku wonse. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira kuti muisinthe.

Za magetsi, desikitopu yopanda UPS, bokosi la batire logwirizira kompyuta magetsi akazima, kwathu kuno ili pangozi tsiku lililonse. UPS ya 650 VA imakupatsani mphindi zochepa zotsekera bwino, osati zopitirizira ntchito, ndipo batire lake limafooka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, choncho muziliyesa pozula pulagi kompyuta ili pa BIOS. Laputopu ya batire lakufa, yongodalira chaja, ili m'gulu lomwelo. Chizolowezi chozimitsa pogwira batani mpaka sikirini ithime nachonso chiyenera kutha.

Musanabweze kompyuta kwa mwini wake, yatsani System Protection pa diski ya Windows, muipatse malo okwana 5 mpaka 10 GB, n'kupanga pompo restore point, malo amene System Restore idzabwerere. Dzutsaninso RegBack: mu regedit pitani pa HKLM\System\CurrentControlSet\Control\Session Manager\Configuration Manager, pangani DWORD yotchedwa EnablePeriodicBackup, muipatse 1, muzimitse n'kuyatsanso. Pakatha sabata suzumirani mu fodamo. Mukapeza mafayilo akadali 0 KB, tsegulani Task Scheduler, mupite pa Microsoft, Windows, Registry, n'kuyendetsa nokha RegIdleBackup, kenako muonenso ngati SYSTEM ndi SOFTWARE zafika mamegabayiti angapo.