Ndemanga yanga pa AppSheet, Power Apps ndi Odoo titazigwiritsa ntchito pakati pa alimi a tiyi ku Mulanje

Ndimayang'anira makompyuta m'bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Mulanje, ndipo ndidapatsidwa udindo wopeza njira yolembera makilogalamu a masamba pa sikelo, yosungira ngongole za feteleza ndi yowerengera malipiro a mlimi aliyense, mabuku a pamanja atatitopetsa. Tidayesa mapulatifomu atatu, ndipo funso limene lidalamula chilichonse linali lakuti: kodi pulogalamuyo igwirabe ntchito m'munsi mwa phiri, kumene netiweki imabwera ndi kupita monga ifunira?

Power Apps ya Microsoft ndi chida champhamvu. Munthu wozolowera Excel savutika kuphunzira kalembedwe kake kotchedwa Power Fx, ndipo kampani imene ili kale ndi Microsoft 365 ingachite bwino kuyamba ndi iyi. Ife tidaisiya pa chifukwa cha thumba lathu: laisensi imalipidwa pa munthu aliyense mwezi uliwonse, mtengo wake ndi wa madola, ndipo chiyambire pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu chilichonse cholipira ndi ndalama zakunja timachiganizira kawiri.

AppSheet, imene Google idagula mu 2020, nayonso ndi ya madola, koma mtengo wa zimene tinkafuna udali wofikirika, ndipo ndi imene idandifika pamtima. Imatenga tebulo la Google Sheets n'kulisandutsa pulogalamu ya pafoni popanda kulemba khodi (malamulo a m'chilankhulo cha makompyuta). Ndidapita kukaiona pa sikelo tsiku lina chiperoni chili mbuu, kalaliki atakulunga foni yake m'pepala la shuga kuti isanyowe, amayi ali pamzere ndi madengu kumsana. Analemba nambala ya mlimi ndi kulemera kwa masamba popanda netiweki ngakhale pang'ono, ndipo madzulo atafika pa Chitakale zonse zidalowa zokha m'tebulo lathu. Ntchito imene inkatenga sabata yathunthu, kukopera manambala kuchokera m'mabuku onyowa, idatha tsiku lomwelo. Cholakwa chimene tidachita poyamba chinali chathu: tidalemba alimi ndi mayina okha, ndipo m'mudzi umodzi mudapezeka anthu atatu a dzina limodzi, kotero tidabwerera kukapatsa aliyense nambala yake. Amene akufuna kuigwiritsa ntchito adziwenso kuti tebulo la Google Sheets lili ndi malire, ndipo nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene tiyi amaphuka kwambiri, mizere imachuluka msanga. N'kwanzeru kukonzekera kusamukira ku database yeniyeni (nkhokwe ya pakompyuta yopangidwira kusunga zolemba zambiri) ntchito isanakule.

Za mu ofesi tidasankha Odoo, pulogalamu ya ku Belgium yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Python. Mtundu wake wa Community sulipiritsa laisensi, ndipo tidauika pa seva yathu (kompyuta imene makompyuta ena a mu ofesi amalumikizikako), motero katundu wa m'nyumba yosungira ndi ngongole za feteleza timaziona ngakhale intaneti itaduka. Koma ulere umenewu usanamize munthu, pakuti pamafunika wodziwa Linux (pulogalamu yoyendetsa seva), batire yoti seva isazime magetsi akathima, ndiponso mwambo wokopera zonse usiku uliwonse n'kuzisunga kwina. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, palibe wa kuno amene angakhulupirirenso kusunga zolemba zonse m'chipinda chimodzi.

Pa nyenyezi zisanu, AppSheet ndikuipatsa zinayi pa ntchito ya kumunda, Odoo zinayinso kwa bungwe limene lili ndi katswiri wake, ndipo Power Apps zitatu malinga ndi zosowa zathu. Chimene chanditsalira tsopano ndi kulumikiza AppSheet ndi Odoo, kuti makilogalamu a pa sikelo azilowa okha m'malipiro opita pa Mpamba ndi Airtel Money.