Masipuling'i akumbuyo a vani yaikulu patatha chaka: zomwe zagwira ndi zomwe zafuna sipanala

Vani yomwe tikunena pano ndi Chevrolet Express 3500, ya chesesi yapayokha, ekiselo imodzi yolimba kumbuyo ndi masipuling'i a masamba, omwe ndi zitsulo zazitali zafulati zosanjikizana mumpukutu umodzi mbali iliyonse. Imakhala ndi katundu wosatsitsa: mashelefu achitsulo, zida, mabatire ndi thanki ya madzi, ndipo nthawi zina imakoka ngolo. Isanakonzedwe inkayenda itagwada kumbuyo, nyali zikuloza m'mwamba, ndipo pabampu paliponse ekiselo inkagunda malabala a pansi pa chesesi. Tinaikamo tsamba limodzi lalitali loonjezera mbali iliyonse, ma U-bolt (mabawuti opindika ngati U omangirira masamba ku ekiselo) atsopano, bawuti yapakati yogwira masamba pamodzi yatsopano, mashoko a gasi otalikirapo, ndi matumba a mpweya awiri pakati pa chesesi ndi ekiselo. Papita pafupifupi chaka. Zambiri mwa izi zikukhudzanso GMC Savana ndi Ford E-350, poti kumbuyo kwawo n'kopangidwa mofanana.

Tsamba loonjezera ndilo lagwira ntchito yaikulu. Masamba otere amakweza kumbuyo ndi masentimita 4 kapena 5, ndipo athu anatero. M'miyezi yoyamba msinkhu unatsika ndi pafupifupi sentimita imodzi, kenako unakhazikika osasunthanso. Kutsika kumeneku si vuto ayi, ndi masamba akukhalirana bwino. Poyeza, musayambire pansi, chifukwa mpweya wa m'tayala umasokoneza nambala. Ikani tepi pakati penipeni pa habu, pomwe wilo imamangidwa, n'kukwera mpaka pamlomo wa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse ziwiri, galimoto ili pamalo osalala, ndipo lembani nambalazo musanamasule kalikonse.

Tsamba lalitali ndi labwino kuposa lalifupi. Lalifupi n'lotchipa koma ndi lopindika kwambiri, limakankha masamba akale pamalo amodzi, ndipo pomwe nsonga yake yathera m'pomwe tsamba lotopa limayambira kung'aluka. Lalitali limagawa mphamvu pafupifupi mulitali monse. Ngati masamba akale aphwa kale kapena lina lasweka, musataye ndalama pa tsamba loonjezera. Gulani mpukutu wonse watsopano, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kuipa kwa masipuling'i olimbitsidwa chotere kumamveka vani ikakhala yopanda kanthu: kumbuyo kumadumpha pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono. Kwa galimoto yomwe imalemedwa tsiku ndi tsiku zimenezi sizioneka, koma amene amanyamula mwa apo ndi apo adzadandaula.

Poika, chesesi ikhale pa masitandi olimba ndipo jeke igwire ekiselo. Musanamasule bawuti yapakati, panani masambawo ndi makalampu awiri, chifukwa ali ndi mphamvu yotha kuthyola chala akamasuka mwadzidzidzi. Tsamba latsopano lilowe pamalo ake motsatira kutalika, lalitali pamwamba, lalifupi pansi. Mabawuti a mashako (zitsulo zolumikiza nsonga ya sipuling'i ku chesesi) ndi a mabushi (malabala a m'malumikizidwe) muwamange komaliza galimoto itatsika, itaima pa matayala ake. Mukawamanga ekiselo ikulendewera, labala wa bushi amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika miyezi ingapo isanathe.

Pa ma U-bolt ndi pomwe anthu ambiri amaonongera ntchito yabwino. Akale sabwezeretsedwa. Ulusi wawo, kutanthauza mizere yomwe nati imazungulirapo, umakhala utakokeka pomwe anamangidwa koyamba, ndiye ngakhale sipanala ionetse nambala yoyenera, kupana kwake kumakhala kochepa. Atsopano akhale otalika kokwanira makulidwe a tsamba loonjezeralo, ndipo manati amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, ndi sipanala ya toki, yoyeza mphamvu yomangira, mpaka nambala yomwe opanga alemba. Kenako bwerezani. Penti ndi dzimbiri la pakati pa masamba zimaphwanyika galimoto ikayamba kuyenda, mpukutu umaphwa pang'ono, manati n'kulefuka. Tinawamanganso patatha makilomita ochepa oyamba, kenakonso chapafupi ndi makilomita 800, ndipo maulendo onsewo manati anazungulirako. Kuyambira pamenepo sanasunthenso. Chizindikiro cha U-bolt yolefuka ndi fumbi lofiira la dzimbiri lotuluka pakati pa masamba pafupi ndi ekiselo, komanso kaphokoso ka "gu" ponyamuka kapena pogwira buleki. Mukazinyalanyaza, bawuti yapakati imaduka, ekiselo imasendera mbali imodzi, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu.

Kukweza kumbuyo kumasintha ngodya yomwe shafuti yopititsa mphamvu ya injini kumbuyo imakumanira ndi difu, magiya a pakati pa ekiselo. Pa masentimita 4 kapena 5 nthawi zambiri sizivuta, ndipo vani iyi sinanjenjemere. Koma mukamva kunjenjemera pansi pa mpando ponyamuka kapena pa liwiro linalake, musathamangire kusintha matayala. Yezani ngodya za kunsonga zonse ziwiri za shafuti. Ziyenera kukhala pafupifupi zofanana kuti majointi azithetsana kugwedezeka. Zimakonzedwa ndi kachitsulo kosongoka ka madigiri 2 mpaka 4 koikidwa pakati pa masamba ndi mpando wa ekiselo, ndipo pa shafuti ya zigawo ziwiri nthawi zina pamafunika kutsitsa beringi yapakati. Kachitsuloko kakhale kopangidwa ndi chitsulo chenicheni, komangidwa pamodzi ndi bawuti yapakati, osati kofewa kongolowetsa.

Matumba a mpweya ndi abwino pa chinthu chimodzi: katundu wosinthasintha. Tsiku lokoka ngolo mumapopa, kumbuyo n'kubwerera pamsinkhu wake. Mukamasula ngolo mumaphwetsa. Ambiri a mtundu uwu amafuna mpweya wosachepera 5 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya) nthawi zonse ndipo sapitirira 100 psi. Musawasiye opanda mpweya ngakhale vani ilibe katundu, chifukwa labala amapindika n'kudzitsina yekha mpaka kubooka. Athu amakhala pakati pa 20 ndi 30 psi masiku wamba. Mbali imodzi inayamba kutaya mpweya patapita miyezi ingapo, ndipo madzi a sopo anaonetsa thovu pomwe paipi imalowa m'cholumikizira, osati pathumba. Paipi ya nailoni ija imafuna kudulidwa molunjika ndi lumo lakuthwa. Ikadulidwa ndi pulayala imaphwatalala ndipo siitseka bwino. Kudula kansonga n'kuilowetsanso kunathetsa nkhaniyo. Paipi idutse kutali ndi ekizozi, ndipo mbali ya ekizoziyo pakhale chitsulo chotchinga kutentha. Chofunika kwambiri: thumba lililonse likhale ndi paipi ndi vavu yakeyake. Mukalumikiza onse paipi imodzi, pokhota mpweya umathawa mbali yomwe yalemedwa n'kupita mbali yopepuka, ndipo vani imapendekera koposa kale.

Mashoko otalikirapo ndi ofunika chifukwa akale amatha kutambasuka mpaka pomaliza tayala lisanafike pansi pa dzenje, zomwe zimaononga shoko ndi zomangira zake. Atsopanowo sanadonthe mafuta, ndipo aletsa kuyendayenda kwa bodi pambuyo pa bampu. Ekiselo ikulendewera pa jeke, yang'ananinso paipi ya labala ya buleki, waya wa ABS ndi chingwe cha handibuleki. Palibe chomwe chiyenera kukokeka. Nyali zakutsogolo zimafuna kuongoledwanso, poti kumbuyo kukakwera zimaloza pansi kwambiri.

Tsopano mfundo yomwe otsatsa sakonda kuinena mokweza. Zonsezi sizionjezera ngakhale kilogalamu imodzi pa kulemera komwe galimoto imaloledwa kunyamula. Pamphuthu ya chitseko cha dalaivala pali kapepala kolembedwa GVWR, kulemera konse kovomerezeka, ndi GAWR, kwa ekiselo iliyonse payokha. Pa Express 3500 yambiri GVWR ndi mapaundi 9,600, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 4,350. Matayala ake a LT245/75R16 a gulu E amanyamula mapaundi 3,042 lililonse akapopedwa 80 psi, ndiye awiri akumbuyo ndi mapaundi 6,084, pafupifupi makilogalamu 2,760. Nambala yomweyi ndi yomwe mumaipeza ngati malire a ekiselo yakumbuyo pa mavani ambiri a mtundu uwu. Ndiye kuti malirewo ali pa matayala, pamodzi ndi maberingi ndi mabuleki, ndipo sipuling'i yolimba siwasuntha. Choopsa chake n'chakuti kugwada kwa kumbuyo kunali chenjezo looneka ndi maso, ndipo tsopano mwalichotsa. Vani yoima mowongoka itha kukhala italemedwa mopyola, tayala likutentha mkati popanda woona. Ndikulimbikitsa kwambiri kupita pa sikelo ya magalimoto akuluakulu ndi katundu yense, thanki zodzaza ndi anthu ali mkati, n'kuyeza ekiselo iliyonse payokha.

Kwa amene akufuna msinkhu wokha, mabuloko oikidwa pakati pa masamba ndi ekiselo ndi otchipa, koma sanyamula kanthu. Amatalikitsanso mtunda pakati pa ekiselo ndi sipuling'i, zomwe zimapatsa ekiselo mphamvu yopotoza masamba ponyamuka ndi katundu. Ngati pafunikadi, akhale afupi, achitsulo, ndipo asasanjikizidwe awiri. Kumbukiraninso kuti vani ndi galimoto yaitali kale m'mwamba. Mu 2001 bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu ku United States, la NHTSA, linachenjeza kuti mavani a anthu 15 amagubuduka mosavuta akadzaza, chifukwa kulemera kumakwera m'mwamba n'kusendera kumbuyo. Sentimita iliyonse yomwe mwakweza imaonjezera pa vuto lomwelo, choncho zolemera monga mabatire ndi madzi zikhale pansi, kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo. Pa vani iyi, kupendekera pokhota kwachepa chifukwa cha masamba olimba ndi matumba osiyanitsidwa mapaipi, koma mphepo ya m'mbali ikumvekabe pa chiwongolero ngati kale. Chomwe chatsala kuikidwa ndi chitsulo choletsa kupendekera cha kumbuyo, ndipo chiyenera kukhala cha makulidwe ogwirizana ndi chakutsogolo, chifukwa kumbuyo kukalimba mopyola kumayamba kuterereka msanga pamsewu wonyowa.